Ndege ya 1940, mapiko a dzana

Alamu anga anagwira umakaniko wa ndege zaka zoposa 30, ndipo munthu wotere sapita nawe kokaona ndege kuti ukangosangalala. Ndinazindikira zimenezi mochedwa, tili kale m'sitima yochokera ku Liverpool Street mu London, pamene anatulutsa m'thumba la jekete katochi ndi kakalirole kokhala ndi chogwirira chachitali, konga kamene dokotala wa mano amalowetsa m'kamwa. Ine ndinali nditangotenga foni yojambulira.

Tinatsikira pa Whittlesford Parkway n'kukwera takisi mpaka ku Duxford, bwalo lakale la ndege zankhondo kum'mwera kwa Cambridge, lomwe pano lili m'manja mwa Imperial War Museum. Pabwaloli ndi pamene gulu la 19 Squadron linalandira ndege za Spitfire mu Ogasiti 1938, kukhala loyamba m'gulu lonse la RAF, asilikali a m'mlengalenga a Britain. Mphepo ya pamenepo siichita nthabwala. Tinathawira m'mashedi, momwe mumanunkha oyilo ndi penti.

Ndege imene ndinkaifunitsitsa ndi Spitfire ya nambala N3200. Mbiri yake ndinali nditaiwerenga kangapo. Pa 26 Meyi 1940, pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, asilikali a Britain akuyamba kusamutsidwa kuchoka ku Dunkirk m'dziko la France, woyendetsa wake Geoffrey Stephenson anaitera mokakamizika pamchenga wa ku Sangatte, pafupi ndi Calais. Iye anagwidwa, ndipo pambuyo pake anakatsekeredwa kundende ya Colditz ku Germany. Ndegeyo inamira mumchenga mpaka 1986 pamene inafukulidwa, ndipo mu 2014 inaulukanso. Nditaima pafupi nayo tsitsi linandiima. Ndinkaona dzanja la Stephenson pa chitseko chaching'ono cha m'mbali cholowera woyendetsa.

Alamu anali atanjuta, akusuzumira kunsi kwa phiko.

"Alamu, zaka zingati inakhala mumchenga?" anandifunsa osadzuka. Ndinati 46. "Mchenga wa m'nyanja ya mchere. Aluminiyamu. Ndiye mukuganiza kuti chinatsala n'chiyani choti munthu angakhalepo n'kukwera nacho kumwamba?"

Kunena zoona ndinakhumudwa, ngati mwana amene amuuza kuti chimene wagwira si chenicheni. Anandifotokozera tikuyenda kuti ndege zambiri zofukulidwa choncho zimamangidwa pafupifupi mwatsopano. Chimene chimanyamula dzina ndi kachitsulo kolembedwa nambala ya kufakitale, pamodzi ndi zidutswa zina zimene zingapulumuke. Mapiko, malata a thupi, nthiti zamkati, zambiri mwa izo zimapangidwa lero potsata mapulani akale. Ku Sandown pa Isle of Wight kuli kampani ya Airframe Assemblies imene ntchito yake n'kupanga matupi ndi mapiko a Spitfire. Ndipo ndalama zake si zamasewera. Inzake ya N3200, ya nambala P9374, yomwe inagwera pagombe la Calais pa 24 Meyi 1940 n'kutulukiranso mumchenga mu 1980, inagulitsidwa pa okushoni ya kampani ya Christie's mu 2015 pa mapaundi 3.1 miliyoni.

Ndinati ngati zili choncho ndiye kuti onsewa ndi akathyali, akugulitsa nambala. Alamu anakana. Anati phiko la Spitfire limadalira msana wopangidwa ndi machubu asanu a makona anayi olowetsana, china mkati mwa chinzake, ndipo dzimbiri likalowa pakati pa machubuwo sungalione ndi maso. Mariveti, misomali yolumikizira malata, ambiri a nthawi ya nkhondo anali osakaniza ndi magineziyamu, amene amadyeka mpaka mutu kuthothoka. Ndege zimenezi anazipanga zoposa 20,000, mothamanga, ndipo palibe ankaganiza kuti ina idzakhala ikuuluka patatha zaka 80. Kusintha zitsulo si bodza ayi. Bodza limayamba pamene wokonzayo sakufuna kukuuza kuti chakale n'chiti, chatsopano n'chiti.

Sindinawakhulupirire kwenikweni mpaka tsiku lachiwiri.

Mnzawo wina wakale wa kuntchito anatikonzera zoti tikaone shedi ina yaing'ono kumidzi, ulendo wa maola awiri pa galimoto yobwereka. Kunja kwake sikunali kopatsa chidwi: malata otuwa, matope pakhomo, palibe chikwangwani chachikulu. Mkati munali thupi la ndege losapenta, lomangiriridwa pa chimango cholemera chachitsulo kuti lisapindike pomangidwa. Ine ndinathamangira ndegeyo. Alamu anayamba ndi khoma. Pakhomapo panali bolodi la zipangizo, sipanala iliyonse ili ndi chithunzi chake chojambulidwa kumbuyo, moti ikasowa imodzi malo ake amaonekera patali. Anati sipanala yosowa pa bolodi imakhala ili m'phiko la munthu.

Kenako anapempha chilolezo, n'kutulutsa katochi kaja. Sanaunike molunjika. Anakagoneka pa lata kuti kuwala kuyende chopingasa, ndipo pamenepo mzere wa mariveti unaoneka ngati mapiri ang'onoang'ono, uliwonse ndi mthunzi wake. Anandionetsa kuti mithunziyo ndi yofanana, mtunda wake wofanana, ndipo lata silinabonyoke mozungulira mutu uliwonse. Kubonyoka kumasonyeza kuti womenya anapitirira muyeso. Atatero analowetsa kakalirole pa bowo loyenderapo kuti tione kumbuyo, kumene riveti amaphwanyidwa kuti agwire. Mchira wophwanyidwawo uyenera kukula pafupifupi kamodzi ndi theka kuyerekeza ndi thunthu lake, ukhale wozungulira, wosapendekera mbali. Kumeneko kulibe mlendo amene amaonako, penti sifikako kudzabisa kanthu, ndiye ngati munthu ali waulesi ulesi wake umakhala kumeneko. Tinaona mizere itatu. Alamu sananene kanthu, anangozimitsa tochi, ndipo kwa iwo kumeneko ndi kuyamikira.

Pa nkhani ya marivetiyi pali kankhani kamene ndimakakonda. Spitfire yoyamba, imene inauluka pa 5 Malichi 1936 ku Eastleigh, inali ndi mariveti osalala ofanana ndi lata, omwe ndi ovuta ndi odula kuika. Pofuna kudziwa pamene angagwiritse ntchito a mutu wotukuka popanda kutaya liwiro, akatswiri a Supermarine, kampani imene inapanga Spitfire, anamata nsawawa zouma zong'amba pakati pamwamba pa mariveti, n'kumazichotsa mzere ndi mzere akuyesa ndegeyo. Choncho wokonza wodziwa ntchito amayenera kudziwa malo a riveti wosalala ndi malo a wotukuka, osangoti bola zagwira.

Chimene chinanditembenuza mtima chinali kuseri kwa shediyo. Bambo wachikulire amene ankatiyendetsa, wa ovolosi yothimbirira m'mawondo, anatitengera pa mashelefu odzaza zitsulo zodyeka, chilichonse chili ndi kapepala komangirira ndi waya. Zinali zidutswa zenizeni za ndegeyo, zimene anazichotsa chifukwa sizingaulukenso. Sanazitaye. Anatola nthiti imodzi yoyera mbuu ndi dzimbiri la aluminiyamu, n'kuiika pambali pa yatsopano imene anakopera kwa iyo. Pansi pa shelefu panali bokosi lina la zidutswa zatsopano zonyezimira, zolembedwa ndi penti yofiira. Ndinafunsa kuti izi bwanji. Anati ndi zimene iwo eni analakwitsa, ndipo nthiti inayo anaipanga katatu isanakhale bwino. Ananena zimenezi ngati akunena za nyengo.

Mafayilo anali pa tebulo, ndipo anatisiya tiwatsegule tokha. Chidutswa chilichonse chinali ndi nambala ya pulani yake, nambala ya mtolo wa chitsulo chimene chinadulidwako, satifiketi ya kumene chitsulocho chinagulidwa, siginecha ya wopanga, ndi ina ya woyendera, munthu wosiyana. Ku Britain ndege zankhondo zakalezi zimauluka ndi chilolezo chapadera cha bungwe la Civil Aviation Authority chotchedwa Permit to Fly, ndipo bungwelo ndi limene limavomereza makampani ogwira ntchitoyi. Koma alamu anati chikalata cha pakhoma n'chiyambi chabe. Iwo anasankha nambala imodzi mufayilo mwachisawawa, n'kupempha kuti aone chidutswacho pa ndege. Mnyamata wina anachipeza pasanathe mphindi zisanu. Titafunsa za injini, ya Rolls-Royce Merlin ya masilinda 12 ndi malita 27, bamboyo anayankha msanga kuti imeneyo si ntchito yawo, anaitumiza kwa akatswiri ake, n'kutionetsa mapepala amene inabwera nawo.

Malo achitatu sindikhalitsapo, ndipo dzina sinditchula. Kunali kokongola kuposa konse: pansi popakidwa penti, zithunzi m'mafelemu, ndege yowala ngati galasi. Amene anatilandira anali wa tayi, wolankhula mokoma. Mawu oti yeniyeni anawabwereza mwina kasanu. Alamu anafunsa mwaulemu ngati pali zithunzi za ndegeyo momwe inalili pofukulidwa, ndi kumene kachitsulo ka nambala kanachokera. Anati zili ku ofesi ina. Zidutswa zakale? Zinatayidwa, zinali zinyalala. Tochi? Ayi, inshuwalansi silola. Mwina zonsezo zinali zoona, sindingamunamizire munthu. Koma tikutuluka alamu anandikoka dzanja n'kundilozera bawuti ina pa mwendo wa tayala. Waya womangira bawuti kuti isamasuke amayenera kukokera kumene bawutiyo imalimbira. Uyu ankakokera kumene imamasukira. Kanthu kakang'ono, ka waya wosakwana chala kutalika, pa ndege ya mamiliyoni.

M'galimoto ndinawafunsa ngati sakanamuuza. Anati anamuuza mnyamata wa ovolosi amene anali kumbuyo, osati wa tayi, ndipo mnyamatayo anapita kukatenga pulayazi nthawi yomweyo.

Tsiku lomaliza tinabwerera ku Duxford chifukwa ndinaumirira. Ndinkafuna kuionanso N3200 ndi maso atsopanowa, ndione ngati tsitsi lidzaimanso. Masana ndege ina ya Spitfire inakokedwa kutuluka m'shedi, makaniko awiri akuizungulira, wina akugwedeza mapiko ndi dzanja, wina atagwada pa tayala. Injini inatsokomola kawiri, utsi n'kutuluka m'mapaipi a m'mbali, kenako inagwira, mkokomo wake n'kumveka m'chifuwa. Anthu onse pa mpanda anakweza mafoni kutsata ndegeyo ikuthamanga pa udzu. Nditacheuka ndinapeza alamu sakuyang'ana kumwamba. Ankayang'ana pa konkire pamene ndegeyo inaima, kuwerenga madontho a oyilo.