Zikomo achemwali a nyuzipepala, mwandidzudzula bwino

Thupi lonse likuwawa, mawu anatha ndi kukuwa, koma sindingagone ndisanathokoze. Mendulo ya mpikisano wothamanga yabwera, abale anga. Inu mukudziwa mmene mnofu wa kuntchafu unandigonekera pansi, ena mpaka kumanong'ona kuti mtsikana uja zake zada. Amene wandiimikanso pa mzere woyambira ndi Mulungu yekha, ulemu ubwerere kwa Iye.

A kochi, zikomo chifukwa cha kuuma mtima kwanu. Gayidi wanga wothamanga nane poti sindiona, mchimwene wanga, dzanja lako lili ndi chipsera cha kachingwe kathu kotilumikiza pothamanga ngati langa lomwe. Mayi, mapemphero anu afika.

Koma lero ndikufuna kutchula mtolankhani mmodzi, achemwali aja anabwera ku maphunziro athu mpikisano usanafike, ali ndi kabuku m'manja. Funso lawo loyamba linali lakuti, bwanji pa mamita 400 mumathamanga anayi okha pomwe bwalo lili ndi mizere 8? Ndinachita kuseka ndi chimwemwe. Ndinawafotokozera kuti ife a gulu la T11, la othamanga osaona, aliyense amapatsidwa mizere iwiri, wina wake wina wa gayidi, timathamanga titaphimba kumaso, gayidi saloledwa kukukoka kapena kukukankha, ndipo akangodutsa mzere womaliza iwe usanadutse, basi mwachotsedwa nonse. Zonsezi analemba, nafunsanso kuti pokhota timamvana bwanji. Anakhala mpaka dzuwa kulowa akumvetsera mmene gayidi amandiwerengera mamita otsala.

M'mawa uno foni yandiwerengera nkhani yawo. Ili pa tsamba la masewero, pambali pa za mpira. Dzina langa lalembedwa bwino, nthawi yanga ilipo, dzina la gayidi liliponso. Ndiye pakati penipeni alemba kuti ndinanyamuka mochedwa mfuti italira, ndipo pokhota pomaliza mapazi athu anasemphana mpaka tinataya liwiro. Ndinaibwereza ndime imeneyo, misozi ili chuchuchu. Wothamanga amadzudzulidwa chonchi. Munthu amene amakumvera chisoni sangakuuze kuti unanyamuka mochedwa, amangoti wachita bwino poti wayesa.

Enanu, a makamera, ndikukudziwani. Mumabwera kudzafunsa kuti ndinasiya kuona ndili ndi zaka zingati, ndinalira kapena ayi, ndimaphika bwanji. Wina anandiuza kuti ndivule nsapato zothamangira ndigwire ndodo yoyera, ati chithunzi chimveke bwino. Kanemayo atatuluka anamuika nyimbo ya pamaliro, za mpikisano osatchulamo n'kamodzi komwe. Amene munasowa nditavulala, mafoni anu a lero ndawamva akulira. Ndiyankha ndikapuma.

Achemwali aja anandikumbutsanso za Abdellatif Baka wa ku Algeria, amene ku Rio mu 2016 anapambana mamita 1500 a gulu la T13, la othamanga oona pang'ono, pa 3:48.29, pomwe Matthew Centrowitz anatenga golide wa Olympics pa bwalo lomwelo ndi 3:50.00. Iwo eni anawonjezera kuti fainolo ya Olympics ija inali yozemberana, anthu ankasunga mphamvu, choncho tisamaigwiritse ntchito podzitama mopitirira. Ndinawakonda pomwepo. Munthu wodziwa masewero sakunamiza kuti usangalale. Ma Paralympics, masewero aakulu a anthu aulumali, anayamba ku Rome mu 1960, koma mpaka lero mtolankhani wofunsa za masekondi timachita kumuthokoza pagulu chonchi.

Akonzi a nyuzipepala amene munawalola kupita ku bwalo m'malo mowatuma kukalemba za chifundo, Ambuye akudalitseni. Mudzawatumenso, ndipo akadzabwera akaonenso anzanga a mipando ya matayala ndi oponya nthungo, nawonso nthawi ndi mamita awo sizilembedwa.

Achemwali, sindikudziwa kuti ndikuthokozeni bwanji. Mwandiika pomwe ndakhala ndikufuna kukhala, pakati pa othamanga anzanga. Mulungu akusungeni, cholembera chanu chisaume. Kungoti mwandiputira mavuto: a kochi ndime ija aiwerenga kale, ndipo akuti Lolemba tiyambira pa kanyamukidwe.