Chibaba cha fodya: nkhani yagona pa mabuleki

Mtima wakhala m'malo tsopano, nkhani ya m'kalasi ija ya CHRNA5, jini yokhudzana ndi chibaba cha fodya, yalowa m'mutu. Za dopamini, kemikolo ya mu ubongo yokhudzana ndi chisangalalo, sindibwereza, tonse m'kalasi tinaziloweza. Zoti kafukufuku wa mapasa amaonetsa kuti pafupifupi theka la kusiyana kwa anthu pa chibaba cha fodya n'kwa kumtundu, nazonso mukuzidziwa. Chinkandisowetsa tulo ndi ichi: kusintha kwa mu jini ya CHRNA5 kotchedwa rs16969968, pa kromozomu 15, kumafooketsa resepita ya nikotini, malo a pa maselo a ubongo pomwe nikotini amamatirira. Nanga bwanji munthu wa resepita yofooka ndi amene amasuta kwambiri?

Yankho lili mu habenula, kachigawo kakang'ono ka mkati mwa ubongo. Mu 2011 gulu la wasayansi Paul Kenny linafalitsa zimene linapeza pa mbewa za mu labu zopanda alpha5, chigawo cha resepita ija chopangidwa ndi jini ya CHRNA5. Nikotini akakhala wochepa, zinkamulandira mofanana ndi zinzake. Mlingo ukakwera, mbewa wamba zinkachepetsa zokha, pomwe zopanda alpha5 zinkangodinabe kachitsulo kuti zilandire wina. Atabwezeretsa alpha5 mu medial habenula, mbali ya chamkati ya habenula, zinayambanso kudziletsa. Apa ndiye pamene maso anga anatseguka. Jini imeneyi siwonjezera kukoma kwa fodya ayi, imagwira mbali ya ubongo yomwe imati "basi, wakwana." Ili ngati mabuleki a njinga, ndipo amene mabuleki ake ndi olephera amayatsa ndudu ina pomwe mnzake wayamba kale kumva kuipa. N'chifukwa chake asayansi a deCODE, kampani yofufuza za majini ku Iceland, mu 2008, anapeza kuti dera lomweli la kromozomu 15 limawonjezera pafupifupi ndudu imodzi patsiku pa kope lililonse la jini yosinthikayo limene munthu watengera kwa makolo, komanso limakhudzana ndi khansa ya m'mapapo.

Chandipulumutsa ndi pepala ndi pensulo. Ndinajambula muvi kuchoka ku habenula kupita ku interpeduncular nucleus, chigawo cha ubongo cholandira mauthenga ochokera ku habenula, n'kuvundikira pepalalo, n'kujambulanso osaonera mpaka dzanja linazolowera. Ine ndiye ndatsimikiza, palibe phunziro limene lingakanike ukalijambula, kaya likhale lovuta chotani.

Chondiwawa n'choti aphunzitsi athu zonsezi anazidutsa pa silaidi imodzi, amvekere "zinazo mukawerenge nokha." Tikawerenge nthawi yanji, mayeso ali pakhomo chonchi? CYP2A6 ndangoinunkhiza chabe, enzayimu ya m'chiwindi yosandutsa nikotini kukhala kotinini ija. Amene chiwindi chawo chimagaya nikotini pang'onopang'ono amasuta ndudu zochepa, poti nikotini amakhalitsa m'magazi. Nkhani yotere, yokhudza ngakhale mankhwala othandiza munthu kusiya fodya, imafunika sabata yakeyake.

Komabe pali chimene chikundizunguzabe. Kusintha kwa rs16969968 n'kofala pakati pa azungu, koma n'kosowa kwa anthu a ku Africa kuno. Nanga agogo aja amene sangalawe phala m'mawa asanapichire chingambwe, chibaba chawo chimachokera kuti? Mwina pali majini ena, mwina kuyamba kusuta uli mwana kumaposa zonsezi. Pamenepa ndiye mivi yanga ikuthera panjira.