Mlandu wa chuma cha masiye ukhoza kufa jaji asanamve nkomwe nkhani yake

Anthu timaganiza kuti ukangokasuma basi, jaji amva zonse, amva zoti achimwene a malemu anatenga minibasi maliro asanatuluke nkomwe, amva zoti lendi ya nyumba akutolera ndi iwowo, kenako agamula. Sizimayenda choncho ayi. Pali milandu ina imathetsedwa jaji asanafike pa funso loti wolakwa ndani, ndipo banja limatuluka mukhothi litasokonezeka, ena n'kumati loya wa mbali inayo wadyetsa wina chibanzi pamene palibe chibanzi chilichonse.

Zinawachitikira mayi anga aang'ono. Amuna awo atamwalira osasiya wilo, mwana wawo wamkulu, mnyamata wophunzira ndithu, anathamanga kukasumira abale a bambo ake kuti abweze galimoto ndi ndalama za lendi. Loya wa mbali inayo sanalimbane n'zagalimotozo. Anangofunsa kuti kodi wosumayu ali ndi ma letters of administration? Analibe. Mlandu unathera pomwepo ndipo anauzidwanso kuti alipire zomwe anzawo aja anawononga pa mlanduwo. Kukhala mwana woyamba sikukupatsa mphamvu yosumira m'dzina la chuma cha malemu, mphamvuyo imabwera ndi ma letters amenewa, lomwe ndi pepala la kukhothi lokuika kukhala woyendetsa chumacho, kapena wilo ikakutchula kuti ndiwe woyendetsa. Chabwino chake n'choti mlandu wothetsedwa motere umatha kuyambidwanso pepalalo likapezeka, bola nthawi isanakuthere.

Nthawiyo ndiye ina imagwetsa anthu. Lamulo la Limitation Act limati nkhani ya ngongole kapena mgwirizano uisumire pasanathe zaka 6, ya kuvulazidwa zaka 3, yolanditsa malo zaka 12. Ife timakonda zoti tiyeni tikambirane pachibale, adzukulu asamve, tidikire chiliza chimangidwe kaye, zaka n'kumapita. Komanso ukasuma n'kungokhala phee, malamulo a High Court a 2017 amalola khothi kufufuta mlandu womwe wakhala miyezi 12 popanda chochitika. Fayilo siyenda yokha, umayenera kumaikankha. Palinso kusuma kukhothi lolakwika, monga kupita ndi chuma chachikulu kwa majisitireti yemwe mphamvu zake sizifika pamenepo, ndi kubweretsanso nkhani yomwe khothi linagamula kale pakati pa anthu omwewo. Iyi yomalizayi ndiye ilibe kubwerera, ngati sunakhutire njira yake ndi apilo basi.

Tsopano funso loti wolowa chuma ndani. Apa mpamene misonkhano ya pachibale imatenthera chifukwa aliyense amabwera ndi mwambo wake, a chikamwini akuti mphwake wa malemu ndiye mwini, a mwambo wolowola akuti tinalowola ndiye zonse ndi zathu. Khothi silitsata zimenezo. Limatsata Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act ya 2011 yomwe inalowa m'malo mwa lamulo lakale la 1967, ndipo munthu akamwalira wopanda wilo oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wotsala, ana, ndi ena omwe amadaliradi malemuyo pa moyo wawo. Katundu wa m'nyumba, mipando, mbale, bedi, amatsala ndi wamasiyeyo. Malume oti ali ndi ntchito yawo ku Kanengo ndipo samadalira malemu sangabwere n'kumati gawo langa lili kuti. Kulanda chuma cha masiye lamulo lomweli linakuika kukhala mlandu woti munthu ukhoza kukalowa nawo kundende, ngakhale kunena zoona ambiri amaopa kukanena kupolisi chifukwa wolandayo ndi amene adzayendetse ukwati wa mwana wako mawa.

Koma lamuloli limaluma mbali zonse, ndipo apa mpamene mayi anga aang'ono anakhala chete kwa kanthawi. Ana onse a malemu amawerengedwa, wa m'banja ndi wobadwira kunja chimodzimodzi. Pa maliro paja panabwera mtsikana wina ndi kamwana ka ku pulayimale, anakhala kumbuyo kwa azimayi a kwaya atafunda chitenje mpaka kumutu, anthu n'kumangonong'onezana. Mwana ameneyo akatsimikizika kuti ndi wa malemu ali ndi gawo lake, kaya mayi akunyumba akwiye bwanji. Ine ndimaona kuti n'zoyenera, mwana sanasankhe kobadwira, koma sindinganame kuti n'zophweka kumeza kwa mayi amene anamanga nawo nyumbayo njerwa ndi njerwa. Ngakhale mkazi woti sanadutse kwa ankhoswe kapena kutchalitchi, lamulo la maukwati la 2015 limalola khothi kuzindikira banjalo ngati anakhalira limodzi zaka zosachepera 5 ndipo anthu amawadziwa ngati banja.

Ndiye pofunsira ma letters aja musabise dzina la mwana aliyense poganiza kuti mwachenjera, zikadzaululika pepalalo likhoza kulandidwa n'kuyambiranso pa ziro. Amene alibe ndalama ya loya ayambire kwa DC kapena ku ofesi ya Administrator General, yomwe ndi ya boma yoyang'anira chuma cha anthu omwalira, apo ayi ku Legal Aid Bureau, atanyamula chiphaso cha imfa, umboni wa ukwati ndi mayina a ana onse. Kwathu mndandanda umenewu unalembedwa kawiri, woyamba unalibe dzina la kamwana kaja, ndipo amene anakakamira kuti lilembedwe ndi mnyamata yemwe uja anagwa ndi mlandu poyamba.