Ulendo wa ku Blantyre wa ku Scotland unathera pa nkhani ya mpira

Mukafika ku Glasgow musabwere osaona Blantyre weniweni, kwawo kwa David Livingstone komwe anabadwira mu 1813. Sitima mumakwerera pa Glasgow Central, ndi pafupi, mphindi 20 ndi pang'ono basi. Tengani jekete yamvula, ambulera kumeneku ndi kutaya ndalama chabe, mphepo yake imaithyola. Ndipo tiyi ndi kabanzi kamodzi mapaundi 6, ayi zimenezi zinandiwawa.

Pobwerera mvula inandipeza panjira, ndanyoweratu mpaka masokosi, ndiye mdala wina anaimika galimoto nkundifunsa komwe ndikupita. Atamva kuti ndine wa ku Malawi anasangalala kwambiri, akuti tchalitchi chawo chinkatumiza mabuku ku Malawi. Sanalole kundisiya pa siteshoni ndikunjenjemera, anapita nane kunyumba kwawo, mayi akunyumba anandipatsa thaulo ndi supu wotentha wa nyemba za mphodza, nsapato zanga anaziika pa hita. Pakhoma panali sikafu yachikasu ndi yofiirira ya Motherwell, timu ya mpira ya m'deralo, ndi chithunzi cha timu yomwe inatenga Scottish Cup mu 1991. Ndinangofunsa kuti bambo, ligi ikuyenda bwanji, basi nkhani inayambika.

Mdalayo akufuna Celtic ndi Rangers, matimu awiri akuluakulu a ku Glasgow, zichoke, zipite kukasewera ku England. Akuti chitengereni ligi Aberdeen ya Alex Ferguson mu 1985, zaka 40 zinatha chikho chikungosinthana manja pakati pa awiriwa, ndipo chomwe chimamupweteka kwambiri ndi kuona mabasi akunyamula anyamata a m'tauni mwawo momwemo kupita ku Celtic Park ndi Ibrox, masitediyamu a Celtic ndi Rangers, kusiya timu yakwawo. Anandikumbutsa kuti Rangers itagwa ndi ngongole mu 2012 nkukayambira kudivishoni yapansi, matimu ang'ono anapuma, St Johnstone inatenga Scottish Cup mu 2014, Inverness mu 2015.

Ndinamumvetsa koma sindinagwirizane naye ndipo ndinamuuza mwaulemu. Zaka zomwezo ligi inali ya Celtic yokha chaka ndi chaka. Komanso makampani a TV amalipira chifukwa cha magemu a awiriwa, akachoka ndalamazo zipita nawo, osewera abwino nawonso atsatira. Onani ku Wales, Cardiff, Swansea ndi Wrexham zimasewera ku England, ligi yotsalayo anthu oonera ndi mazanamazana chabe ndipo The New Saints ndi yomwe yasanduka chimphona chatsopano.

Vuto ine ndikuliona pa kagawidwe ka ndalama. Kale ku Scotland ndalama zapageti matimu awiri ankagawana, anasiya chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndiye timu ya sitediyamu ya anthu 60,000 idzapikisana bwanji ndi ya 13,000? Kwathu nako Bullets inatenga ligi kasanu motsatizana mpaka Silver Strikers inadula mu 2024, koma tangoganizani Super League yopanda Maule ndi Manoma, matimu a ku Karonga ndi Dedza angapeze kuti geti yonona? Ndi tsiku lomwe akuluakuluwa abwera pomwe ngakhale wogulitsa chimanga chootcha panja pa sitediyamu amapita kunyumba ndi kanthu.

Sitima yobwerera ku Glasgow mugule tikiti ya ritani kuchokera m'mawa, imatchipa kusiyana ndi kugula kawiri.