Njinga ya olumala yopanda sipeya ndi mpando chabe

Kupereka njinga ya olumala n'kosavuta. Akuluakulu afika pagalimoto, atolankhani ajambula, anthu aomba m'manja, basi kwatha. Pa mwambo wonsewo palibe amafunsa kuti tayala likatha akaligula kuti.

Azakhali anga amakhala ku Area 23. Anadwala poliyo ali mwana, miyendo yonse inafooka, koma manja ndiye musanene. Ndi telala, makina awo ndi aja opukusa ndi dzanja, ndipo sukulu zikamatsegulira mu Seputembala pakhonde pawo pamadzaza mayunifolomu mpaka mlendo kusowa pokhala.

Chaka china bungwe lina linawapatsa njinga yonyezimira yochokera kunja, ija ya m'chipatala yokhala ndi timatayala tiwiri kutsogolo. Pasimenti inkayenda bwino zedi. Koma misewu yakwathu si wodi ya chipatala. Dzinja timatayala tija tinkatitimira m'matope, chilimwe mumchenga, mpaka kamodzi kanathyoka. Ndinasakasaka m'mashopu a ku Malangalanga, aliyense ankangokatembenuza n'kupukusa mutu. Pano njingayo amayanikapo matewera a mdzukulu.

Yomwe inawatulutsa pakhomo ndi ya matayala atatu, yopalasa ndi manja, yomwe anawotcherera mnyamata wina wa ku Mchesi. Siyokongola. Koma tcheni, masipoko, chubu, zonse ndi za njinga yakapalasa, ndiye yemwe amakonza njinga za akabaza pansi pa mtengo wamango amaikonzanso. Iyeyu akawaona akudutsa amawaimitsa yekha: "Amayi, tcheni chatha ichi, musadikire chikudukireni panjira." Kumbuyo kuli kabokosi konyamulira nsalu. Kumsika amapita okha, mtengo amanenerera okha, ku banki m'khonde amakaponya masheya okha. Kale ankatuma ana, ndipo chenji chinkabwera chopelewera.

Sindikunyoza thandizo lalikulu ayi. Ku chipatala cha Kamuzu Central kuli malo komwe amapanga miyendo ndi zitsulo zothandizira kuyenda, ndipo ambiri ayimirira chifukwa cha iwo. Malamulonso okhudza olumala tili nawo: kunali la 2012, kenako kunabwera la 2024 lomwe linabweretsa MACODA, bungwe la boma loona za olumala, m'malo mwa MACOHA ija tinaizolowera kuyambira m'ma 1970. Vuto ndi mtunda. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 10 alionse a zaka 5 kupita m'tsogolo, pafupifupi mmodzi ali ndi ulumali. Anthu onsewa sangakwane mu ofesi ya m'tauni, ndipo ena kungofika pa siteji ndi nkhondo kale. Kondakitala akaona njinga amati ndi katundu, lipirani kawiri, mwinanso minibasi osaima n'komwe.

N'chifukwa chake ine ndimati ndalama zina za miyambo ija zizipita kwa anthu a m'dera momwemo: wowotcherera aphunzitsidwe kuyeza munthu kuti mpando usamutulutse zilonda, wokonza njinga akhale ndi masipeya, mayi wa mwana wosakhazika khosi aonetsedwe pakhomo pake momwe angamukhazikire ndi kumudyetsa.

Chomwe chikutisowetsa mtendere pano ndi ngalande yomwe madzi anakumba pakati pa nyumba ya azakhali ndi msewu. Matabwa tinaikapo awola. Amfumu akuti tisonkhe ya simenti mvula isanayambe, ndipo mabanja oyandikana nafe avomera, poti ana awonso amagweramo.