Lero ndimayesa nkhanu yanga yafa

M'mawa ndisanasambe nkomwe ndinapita kukasuzumira thanki lomwe ndimawetera nkhanu monga mwa masiku onse, ndangoyatsa getsi ndikuona nkhanu ili chagada m'madzi pafupi ndi mwala, miyendo ili balala, osagwedezeka. Mtima unangoti myuu. Ndili nazo zisanu zokha, za mtundu wa Geosesarma dennerle, zija zochokera ku Java zokhala ndi zipanilo zofiirira ndi maso achikasu owala, ndiye imodzi ikasowa ndimadziwa.

Ndinaitola ndi supuni pang'onopang'ono koma kupepuka kwake ndi komwe kunandidabwitsa, ngati kapepala. Kuyang'anitsitsa, maso ake mbee opanda chikasu chija, kumbuyo kwa chigoba kwatseguka, mkati mulibe kanthu, fungo palibenso. Nkhanu yakufa imanunkha ndithu simungachite kufunsa. Kani yangofundula! Mwini wake ndinamupeza patapita kanthawi, wadzipanikiza pansi pa muzu, thupi lotuwa, akungogwedeza tinyanga basi.

Chigobacho ndinabwezeramo pomwe ndinachipeza. Nkhanu zimadya chigoba chawocho kuti kashiamu abwerere m'thupi, ndipo masiku oyambawa nkhanu imakhala yofewa kwambiri moti anzake omwe atha kuyivulaza, nchifukwa chake ndinaika timapanga tambiri.

Vuto linali loti lero ndi tsiku losintha madzi. Ndinaima kaye ndowa ili m'manja, ndisinthe kapena ndisiye? Thanki ngati ili, lomwe amati paludarium, mtunda ndi waukulu madzi ndi ochepa, langali madzi sakwana ndi malita 10 omwe, ndiye akayamba kuipa sachedwa, kachakudya kamodzi koola pakona kamakwana kukweza amoniya, poizoni wochokera ku zinthu zoola ndi ndowe za nkhanu. Ndinayeza. Amoniya 0, naitraiti (poizoni winanso wochokera ku amoniya) 0, naitreti, yemwe sawopsa kwambiri, yakwerako pang'ono. Basi ndinangochotsa malita 2 ndi kapayipi kakang'ono, kumbali yakutali ndi muzu uja, atsopanowo ndinathira kaye mankhwala ochotsa klorini nkudikira afanane kutentha ndi a mthanki, kenako kutsira modontheza pamwala kuti pasavunduke.

Siponji ya fyuluta, chosefera madzi, ndinaifinyira m'madzi akale omwe ndinachotsawo, osati papompi. Ichi ndinachiphunzira mowawa chaka chatha, nditaitsuka mpaka kuyera mbuu nkupha mabakiteriya onse amene amasandutsa amoniya uja kukhala naitraiti kenako naitreti, madzi anachita chifunga sabata yonse ndipo nkhanu zinakana kulowamo.

Kumtunda ndi komwe kwandidetsa nkhawa. Pakona yakumanzere dothi lanyowa mopitirira, ukalikanikiza ndi chala madzi akutuluka, kafungo kowawasa kayambanso. Nditafukula pang'ono ndapeza kuti ndere yakula mpaka yalendewera m'madzi, ndiye ikumakoka madziwo ngati chingwe cha nyali nkumawathira m'dothi usana ndi usiku. Ndaidula ndi sizasi. Kukonza kwenikweni nkofunika kunyamula dothi lonselo ndikuwonjezera miyala pansi, koma lero ayi, sindingagwedeze thanki wina ali wofewa chonchi. Tidikira sabata.

Zina zonse zili bwinobwino, kutentha madigiri 25, chinyezi chikusewera cha m'ma 80 peresenti, ndinangopopera madzi kamodzi. Ma springtail, tizilombo ting'onoting'ono todumpha tam'dothi, achuluka pansi pa masamba ouma ndipo nkhungu yomwe inamera pachikuni ayimaliza okha. Kabowo kolowera waya wa pampu ndakatsekanso ndi siponji chifukwa nkhanuzi kukwera waya ndi ntchito yake.

Usiku uno nditazimitsa getsi ndinakhala pansi ndi katochi kofiira. Zinayi zatuluka kukasaka chakudya. Wofundula uja sanachoke pamuzu, koma chigoba chasuntha, chili pakhomo pa phanga lake ndipo miyendo iwiri palibe.