Zikomo Mayi a duku lobiriwira, zikomo nonse amene munasenza chionetserochi

Chionetsero cha zojambula za anthu a m'dera lathu chatha, tachotsa zonse pakhoma usiku uno. Chojambula chomaliza tachipereka kwa mwini wake cha m'ma 10 koloko, holo takolopa, makiyi tabweza kwa abusa. Ndikulemba izi miyendo ili m'beseni la madzi ofunda, chifuwa chikulirabe. Achemwali akuti ndigone, ndithokoze mawa. Sindingathe. Tulo sitibwera ndisananene zikomo.

Nkhani yake mukuidziwa, sindibwereza zambiri. Ndalama zomwe otithandiza anatilonjeza anazibweza kutatsala milungu isanu kuti titsegule, pa uthenga wa mizere iwiri. Mphepo ya mu Julayi ya kuno ku Cape Town inasasula malata awiri a holo, mvula n'kulowa usiku, zojambula zitatu n'kuonongeka. Kenaka chibayo chinandigwetsa. Masiku 9 m'chipatala, timapaipi ta mpweya m'mphuno, tsiku lotsegulira likuyandikira ine ndikungoyang'ana kudenga. Mumtima ndinali nditavomera kuti zakanika. Ndinalemba ngakhale uthenga wopepesa kwa nonse. Uli m'foni mpaka pano, sunatumizidwe.

Sunatumizidwe chifukwa cha inu, Mayi.

Munandiletsa kukutchulani dzina ndipo ndikumverani, koma aliyense m'dera lathu akudziwa amene anagogoda khomo ndi khomo atavala duku lobiriwira. Munabwera kuchipatala tsiku lachitatu, mutakwera mataxi awiri, phala lili m'fulasiki. Simunandifunse ngati chionetsero chichitikabe. Munakhala pampando, n'kutulutsa kope la mdzukulu wanu ndi cholembera, n'kuti, "Mwanawe, tchula ndilembe. Khoma la kumanzere tiyikapo chiyani?" Ine kutchula pang'onopang'ono mpweya ukuperewera, inu kulemba. Nditatopa munatseka kope n'kundimwetsa phala ngati khanda. Mawa lake munabweranso ndi zithunzi m'foni ya mdzukulu uja, kundionetsa pomwe mwafika. Ndinaona kuti malo awiri munasintha, simunatsate zomwe ndinanena. Munaika nsalu yopeta ya agogo aja a ku Mzimba moyang'anana ndi chojambula cha mtsikana wa fomu 4, poti onse awiri anajambula mtengo wa mango wa pakhomo pomwe anasiya. Ine ndinali ndisanazione zimenezo. Munakhoza ndinu.

Ambiri kumudzi mumandifunsa kuti ntchito ya curator ndi yotani. Sindijambula ayi. Ndimasaka zojambula ndi zosema, kukambirana ndi eni ake, kusankha, kuziika pamalo poti zilankhulane, kenaka kuitana anthu adzaone. Ntchitoyi ndinaisirira poonera patali mayi wina amene sindinagwiranepo naye chanza, malemu Koyo Kouoh, ndipo sindingathokoze usiku uno osamutchula.

Chinali chaka cha 2020. Matenda aja atatseka chilichonse, ntchito yanga ya mu lesitilanti inathera pomwepo. Ndinamva kuti myuziyamu ya Zeitz MOCAA ku V&A Waterfront, yomwe Koyo anayamba kuitsogolera mu 2019, yaitana anthu wamba a mu Cape Town kuti abweretse zojambula za m'nyumba mwawo. Aliyense. Ana, agogo, akatswiri, ongoyamba kumene. Chionetserocho anachitcha Home Is Where The Art Is, ndipo munali zinthu pafupifupi 2,000. Ndinapita Lachitatu m'mawa, nthawi yomwe nzika za maiko a mu Africa zimalowa ulere ukangoonetsa chiphaso. Ndinalowa mwamantha, pasipoti yanga ya Malawi ili m'manja, poti malo oterewa ife timawadziwira kukhomo la kuseri, tikamakolopa kapena kunyamula mathireyi. Ndinapeza makoma odzaza, cha mwana wamng'ono chili pafupi ndi cha munthu wodziwika, popanda wochitira mnzake manyazi. Malo ambiri akuluakulu amakonda kunena kuti ndi a anthu, koma mawu okha. Koyo anatsegula chitseko n'kupereka khoma.

Kuchokera tsiku limenelo ndinayamba kufufuza za iye ngati m'bale wotayika. Anabadwira ku Douala m'dziko la Cameroon mu 1967, n'kupita ku Switzerland ali ndi zaka 13. Kumeneko anaphunzira za bizinesi ndi za mabanki, njira yoti akanakhala pabwino moyo wake wonse. Anaisiya n'kubwerera ku Africa, kukakhala ku Dakar m'dziko la Senegal, komwe mu 2008 anayambitsa RAW Material Company, malo a zionetsero, mabuku ndi maphunziro a achinyamata ofuna ntchito imeneyi. Sanadikire kuti a kunja adzamumangire. Chimenechi ndi chomwe chinandilasa mtima ine, mtsikana wa ku Zomba wokhala m'kachipinda ka lenti.

Mayi, mukukumbukira Lachitatu lija la mu 2023 lomwe ndinakukokani kuti tikaone chionetsero cha When We See Us ku myuziyamu yomweyo? Munakana kawiri, mumvekere nsapato zanu si zolowera malo otero. Titafika ndinakuuzani kuti nyumbayi kale inali nkhokwe ya chimanga ya padoko, yomangidwa m'zaka za m'ma 1920, ndipo anaisema m'kati n'kuitsegula ngati myuziyamu mu 2017. Munayang'ana m'mwamba nthawi yaitali n'kuti, "Nkhokwe ndiye sindingaiope." Tinayenda zipinda zonse. Zojambula pafupifupi 200, za zaka 100, zonse za anthu akuda ojambulidwa ndi anthu akuda anzawo: Chéri Samba wa ku Congo, Ben Enwonwu wa ku Nigeria, Jacob Lawrence wa ku America, Helen Sebidi wa konkuno. Koyo anachikonza pamodzi ndi Tandazani Dhlakama wa ku Zimbabwe, ndipo anasankha dala kuonetsa chimwemwe, mpumulo, pemphero, chikondi, moyo wa tsiku ndi tsiku. Inu munaima pa chojambula china cha anthu atangokhala phee, osagwira ntchito, osalira. Munati, "Awa akupuma. Kwathu akabwera ndi kamera amafuna mwana wa ntchentche m'maso." Tili m'taxi pobwerera munakhala chete mpaka pa siteji yathu, kenaka munandigwira dzanja: "Nanga kwathu kuno kulibe ojambula? Uja wa pa shopu yometera si wojambula?" Chionetsero chatha lerochi chinabadwira m'taxi imeneyo. Zaka ziwiri ndinkangochizengereza, ndikuti ndilibe pepala la sukulu, ndilibe ndalama, andimvera ndani.

Mu Disembala 2024 Koyo anasankhidwa kukonza chionetsero chachikulu cha Venice Biennale cha 2026 ku Italy, mayi woyamba wa mu Africa kupatsidwa udindowo. Tinalulutira ngati ndi wa kwathu. Pa 10 Meyi 2025 anamwalira ku Basel m'dziko la Switzerland ali ndi zaka 57 zokha. Ndinabwera kwanu usiku umenewo ndikulira munthu amene sanandidziwe n'komwe. Simunadabwe. Munaphika tiyi, n'kundiuza kuti maliro a munthu wotero sitikhuza ndi misozi yokha, tiyambe chija chaka chomwechino. Tinayambadi, ndipo munthu wake amene anapita kukapempha holo kwa abusa ndinu.

Tsopano enanu, ndikhululukireni ngati ndidumphe wina, mutu sukugwira bwino.

Azibambo anayi amene munakwera padenga Loweruka lija mphepo ikuwomba, malata ogula ndi ndalama za m'thumba mwanu, zikomo. Inu bambo a ukalipentala amene munaphwasula mapaleti n'kukhoma mafelemu 31 usiku mukaweruka kuntchito, manja anu ndinawaona, anali matuza okhaokha. Achimwene a ku Zimbabwe a bakkie, galimoto yonyamula katundu ija, simunalandire ngakhale ya petulo. Amayi a kwaya, mandasi anu ndi amene anagula misomali ndi penti. M'bale wathu wa ku Somalia wa pa shopu, munatikongoza mababu osalemba m'buku. Ometa tsitsi wa ku Congo, munachotsa chikwangwani cha shopu yanu chomwe munajambula nokha n'kutibwereka milungu iwiri, makasitomala akusochera. Amayi a Chixhosa oyandikana ndi holo, munatsegula nyumba yanu usiku wa mvula uja kuti zojambula zotsala zigone pa bedi panu inu n'kugona pa sofa. Enkosi, mama. Manesi a usiku amene munkalola Mayi kukhala kupitirira nthawi ya alendo mukawaona ali ndi kope lawo, Mulungu akukumbukireni.

Ndi iwe mng'ono wanga, amene chojambula chako cha miyezi inayi chinanyowa. Unkachijambula usiku ukachoka kosamalira maluwa a eni ake. Ndinkaopa kukumana nawe maso. Ndinamva ndili m'chipatala kuti unafuna kuchitaya, ndipo Mayi anakulanda n'kukachiyanika kuseri kwa mbaula yawo masiku atatu. Pamapeto unasankha wekha kuti chikhomedwe momwemo, utoto utayenderera, nkhope ya amayi ako ikuoneka theka. Anthu anaima pamenepo kuposa pena paliponse. Bambo wina wachikulire anavula chipewa. Usasiye, ndakupempha. Kansalu ndi penti zina tizipeza.

Pali ena amene mafoni anu anasiya kugwira tsiku lomwe ndalama zinabwezedwa. Munali oyamba kufunsa kuti dzina lanu likhala pati pa positala. Samson Kambalu ataimika chiboliboli cha John Chilembwe ku Trafalgar Square mumzinda wa London mu 2022 munadzaza Facebook ndi mbendera, ndipo nsalu za silika za Billie Zangewa mumazitama poti anabadwira ku Blantyre. N'zoyenera, nanenso ndimanyada nawo. Koma mwana wa mnansi wanu atakhoma chake mtunda wa mphindi 10, simunaponde. Ena munafika tsiku lotsegulira, kujambulitsa pakhomo, n'kubwerera osalowa. Zinandiwawa, sindinama. Sindikusungirani chakukhosi, ndipo chitseko chidzakhala chotsegula ulendo wina. Mudzalowe mpaka m'kati.

Chomwe sindidzaiwala ndi tsiku lotsegulira. Ndinatuluka m'chipatala kutatsala masiku awiri, miyendo ikunjenjemera. Ndinalowa m'holo mutandigwira mkono, Mayi, ndipo zonse zinali pakhoma. Pansi pa chilichonse panali kapepala ka dzina la wojambula ndi kwawo, m'Chichewa, m'Chixhosa ndi m'Chingerezi, kolembedwa ndi ana a Sande sukulu inu mukuwayang'anira. Munaumirira kuti pasakhale cholembedwa kuti "wosadziwika". Agogo ena anakana kupereka dzina poti kupeta si luso loti n'kulembera, inu munabwererako katatu mpaka anavomera. Ndinawaona tsiku limenelo atavala chitenje chatsopano, ataima pafupi ndi nsalu yawo, akufotokozera anyamata a sekondale mmene amasankhira ulusi. Ana a m'misewu yathu ankabwera tsiku lililonse akaweruka, ena kudzangokhala pansi n'kumajambula pa makatoni. Simunawathamangitse. Munawapatsa ngodya yawo, ndipo pofika sabata yachiwiri ngodyayo inali itadzaza mpaka pawindo.

Ndinamva kwa ena, osati kwa inu, kuti munajomba kuntchito masiku atatu ndipo anakudulani malipiro. Ndinamvanso kuti ndalama zomwe munasunga zotumiza kumudzi mwezi uno ndi zomwe zinalipira magetsi a holo. Nditakufunsani munangoti mwana wa mnzako ngwako yemwe, n'kusintha nkhani. Mayi, ine mayi anga ondibala anagona kalekale ku Zomba, ndipo sindinkadziwa kuti ndidzaitananso munthu dzina limeneli kuchokera pansi pa mtima kuno kuchilendo. Ndilibe choti ndingakubwezereni chofanana. Ndalamazo ndibweza, musakane, tikangana pamaso pa abusa ngati kuli kutero.

Ambuye Mulungu, inu amene munandibwezera mpweya m'chifuwa, kumbukirani mayi ameneyu. Mawondo ake akuwawa, muwalimbitse. Ana ake kumudzi asagone ndi njala chifukwa cha ine. Dalitsani dzanja lililonse lomwe linagwira hamala, burashi, singano ndi tsache m'holo muja. Mzimu wa Koyo Kouoh uuse mumtendere, ndipo mutonthoze abale ake ndi onse amene ankagwira naye ntchito. Ameni.

Amene munagula zojambula zisanu zija, ndalama zonse zapita kwa eni ake, sitinadulepo kanthu. Amene simunatenge mafelemu anu, ali kwa abusa mpaka Lachisanu. Dokotala wati ndipume milungu iwiri, ndiye foni ikapanda kuyankhidwa musadandaule.

Mayi, ndikudziwa kuti 5 koloko m'mawa mukhala muli kale pa siteji kudikira taxi, ndipo izi akuwerengerani mdzukulu wanu madzulo. Fulasiki yanu ili kwa ine, ndaitsuka, ndibweretsa Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi. Koma kope lija, lija munalembamo makoma onse ndi dzanja lanu, ndikupempha mundisiyire.